Kope la Ndiwo: Momwe Tikuchepetsera Ndalama za Chakudya Pakhomo Pathu

Lamlungu, 3 Malichi 2024

Titaweruka ku tchalitchi lero, ine ndi bambo a ana tinakhala pakhonde ndi kope latsopano, timalisiti tonse timene ndinatola m'zikwama, ndi mafoni athu awiri. Tinatsegula mauthenga a Airtel Money ndi a Mpamba a mwezi wonse wa Febuluwale n'kuyamba kulemba chilichonse chimene chinalowa m'kamwa. Zogula ndi ndalama yapamanja tinachita kukumbutsana, ndipo amene anakumbukira zambiri ndi mtsikana wotithandiza ntchito zapakhomo, poti ndiye amatumidwa pa okala.

Pakhomo pathu pano ku Area 25 mu Lilongwe tilipo anthu 6: awirife, mwana wathu wachisamba amene ali mu Sitandade 8, mlongo wake wa Sitandade 3, mng'ono wanga amene ali ku koleji, ndi mtsikanayo. Kusitolo yaikulu kunapita K148,000. Kumsika wa Nsungwi ndi pa okala, K171,000. Nkhomaliro ya kuntchito ya anthu awiri, K126,000. Kudya kunja Lachisanu madzulo ndi Lamlungu masana, K83,000. Khofi wanga, K54,000. Zonse pamodzi K582,000, m'mwezi wa masiku 29 okha.

Bambo anaphatikiza kawiri. Kenaka anatseka foni n'kunena chapansipansi kuti, "Mayi, ndiye kuti fizi ya Fomu 1 ija tikuidya ndife." Sanakalipe, ndipo nanenso sindinadziteteze, chifukwa manambala anali a tonse.

Chiyambire pomwe Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chatha, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, chilichonse chimene chili ndi fungo la kunja chakwera. Tirigu wa buledi timaitanitsa, mafuta ambiri ophikira chimodzimodzi, ndipo ngakhale tomato wa ku Ntcheu amabwera pa galimoto yomwa dizilo wogulidwa ndi dola. Malipiro athu sanathamange nawo mpikisanowo. Tagwirizana kuti pofika Ogasiti tikhale tikudya K400,000 pamwezi, ndipo yotsalayo izipita ku akaunti imene ilibe khadi. Koma ndanenetsa kuti pali malo amene mpeni usafike. Ana azidyabe magulu onse 6 a zakudya amene timaphunzitsidwa ku sikelo, mlendo asachoke ndi njala, ndipo mbale ya mtsikana ikhale yofanana ndi yanga.

Loweruka, 9 Malichi

K171,000 ya kumsika ndi pa okala ndiyo inandisowetsa tulo, chifukwa palibe tsiku limene ndinagulako chinthu chachikulu. M'mawa uno ndinatuma mwana kukagula timachubu 5 ta mafuta ophikira ta K300 kalikonse. Ndinatidula pakamwa n'kukhuthulira m'kapu yoyezera ija ndimapangira makeke. Tonse tisanu tinangofika pa mzere wa 250 ml. Ndiye kuti lita imodzi takhala tikuigula K6,000, pomwe botolo la malita 2 kusitolo ndinaliona pa K7,500. Shuga wa m'timapepala, ufa wa walkman, mchere, machesi, nkhani yake ndi yomweyo.

Mayi wa pa okala sindikuwanena. Iwo amapimira anthu amene amapeza ndalama ya tsiku lomwelo, a kabaza ndi a ganyu, amene botolo lonse sangalikwanitse. Ife timalandira pakutha pa mwezi, ndiye tinalibe chifukwa chogulira ngati anthu olandira madzulo aliwonse.

Ndapezanso pamene pamayambira vutoli. Nthawi ikamakwana 5 koloko, ndili pa mzere wa minibasi, foni imalira: "Amayi, tiphike chiyani?" Mutu uli wotopa, ndimangotumiza K5,000 n'kuti, "Ona zimene zilipo pamsika." Madzulo ngati amenewo ndiwo zimagulidwa mothamanga, popanda kunenerera, ndipo chenji sichibwerera m'kope lililonse. Lachisanu kukakhala kutopa kwa sabata yonse, ndimangodutsira kogula nkhuku ndi tchipisi. Choncho lero takhala pansi ndi mtsikana ndi mng'ono wanga n'kulemba ndiwo za masiku 7, masana ndi madzulo, ndipo pepalalo talimata pachitseko cha firiji. Funso lija likabwera, yankho lili pachitseko.

Lachisanu, 15 Malichi

Nkhani ya khofi. Pafupi ndi ofesi yathu ku City Centre pali malo amene ine ndi anzanga awiri timapitako cha m'ma 10 koloko. Kapu imodzi K4,500, ndipo mu Febuluwale ndinamwa makapu 12. Nditaganiza bwino, chimene ndimafuna kumeneko ndi mphindi 20 zija zochoka pa kompyuta ndi kucheza ndi anthu amene amandimvetsa. Khofiyo ndimamukondadi, sindinama, koma machezawo ndiwo amandikoka.

Ndagula paketi ya 250 g ya khofi wogaya wa Mzuzu, uja amalima alimi ang'onoang'ono m'mapiri a Misuku, Phoka ndi Viphya. Mtengo wake sunafike pa makapu atatu a kumalo kuja. Ndilibe makina. Ndimawiritsa madzi, ndimawaphula n'kudikira pang'ono kuti kubwata kuleke, ndimathira masupuni aakulu awiri m'kathipoti, ndimavundikira mphindi 4, kenaka ndimasefera m'fulasiki ndi kasefa ka tiyi. Tsiku loyamba ndinathira madzi akubwata ndipo anawawa. Lachiwiri anakoma. Ndikawerengera, paketiyi indipatsa makapu opitirira 20.

Chovuta chinali kuwauza anzanga. Ndinangonena zoona, kuti mwana akupita ku sekondale ndipo ndikusunga. Mmodzi anati, "Asisi, bwerani nayo fulasikiyo, ine ndibweretsa mkaka." Lero tinamwera pansi pa mtengo kuseri kwa ofesi. Wachitatu sanabwere, ndipo ndamvetsa. Sindifuna kuti kusunga kwanga kukhale ngati chiweruzo pa munthu wina.

Lamlungu, 24 Malichi

Dzulo Pulezidenti Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Kwathu ku Balaka azakhali anandiuza kale pa foni kuti chimanga chinauma chisanamasule bwino. Nkhaniyi yasintha dongosolo lathu. Chimanga chikangoyamba kutuluka m'minda tiyenera kugula cha miyezi yambiri, chifukwa pofika Disembala sichidzagwirika.

Pakadali pano masamba ndi ambiri ndipo ndi otchipa, ndiye tayamba mfutso. Mtsikana wathu ndi katswiri pa zimenezi kuposa ine. Nkhwani amausadzula kaye, amauviika m'madzi owira kanthawi kochepa kwambiri kuti usafe mtundu, n'kuuyanika pa mphasa pamalo opita mphepo. Khwanya naye chimodzimodzi. Agogo anga ankasunga mfutso m'zikwatu za masamba a msuku zopachika kudenga la khitchini, ife tikuika m'zigubu zotseka bwino. Mu Okutobala, masamba akadzauma m'madimba n'kukwera mtengo, mfutso wotendera udzatiombola.

Lolemba, 1 Epulo

Malichi watha pa K497,000. Tapulumutsa K85,000. Zambiri zachokera ku khofi ndi ku Lachisanu madzulo. Pasaka tinadya nkhuku yachikuda ndi mpunga wa Kilombero pakhomo pompano.

Loweruka, 13 Epulo

Ndinadzuka 4 koloko n'kupita kumsika wa Wakawaka ndi mayi oyandikana nawo nyumba, kuti tikapikule pamodzi n'kugawana. Ukafika m'mamawa choncho umagula pamalo amodzi ndi amayi ogulitsa m'misika ya m'makwalala, matumba akungotsitsidwa kumene. Anyezi, kabichi ndi mbatatesi tinagula bwino kwambiri, pafupifupi theka la mtengo wa pa mulu. Mayi wina atationa tikunenerera mwaulemu anatiikira basela wa tsabola wa kambuzi wodzaza dzanja.

Pa tomato ndiye ndinalakwitsa. Ndinatengeka ndi mtengo n'kugula beseni lonse la wakupsa kale. Pofika kunyumba wapansi anali ataphwanyika ndi kugwedezeka kwa minibasi. Ndinasankha, wina ndinaphika n'kuika m'firiji, koma wina wokwana mbale yaikulu ndinataya. Zinandiwawa. Kupikula kumapindula pa zinthu zokhalitsa, ndipo pa tomato ndiyenera kusakaniza wakupsa ndi wosapsa kuti azipsa motsatana. Ndalembanso ndalama ya minibasi ndi ya mnyamata wonyamula katundu m'kope, chifukwa ndikaibisa ndidzinamiza ndekha.

Shuga akusowabe m'masitolo, ndipo kumene akupezeka mtengo ndi wina. Tikudikira kuti nzimbe ziyambe kudulidwa ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Ndaika lamulo la masupuni awiri pa kapu m'malo mwa atatu kapena anayi amene mnyamata wanga amathira. Wadandaula masiku awiri, pano wazolowera.

Lachiwiri, 30 Epulo

Mwezi uno tabwerera m'mbuyo: K521,000. Kunagwa maliro a amalume awo a bambo ku Dowa. Tinatumiza ufa, shuga ndi ndiwo, tinagonako masiku awiri, ndipo pobwerera tinabwera ndi apongozi ndi achemwali awo amene anakhala nafe sabata yathunthu. Ndalama imeneyo sindikuidandaula ngakhale pang'ono. Pamaliro sipowerengera, ndipo mlendo ndi mame.

Chimene ndikudandaula ndi sabata yotsatira. Ndinatopa, pepala la pachitseko silinalembedwe, ndipo foni ya 5 koloko inayambiranso. Masiku anayi otsatizana ndinatumiza ndalama ya ndiwo mothamanga, kawiri ndinagula zophikaphika m'tauni. Nditaphatikiza, sabata ya kutopa ija inadya ndalama zambiri kuposa sabata ya alendo. Ndiye ndaonanso kachiwiri kuti dzenje lathu lili pa kusakonzekera. Kuyambira tsopano pepala lija azilemba mng'ono wanga Loweruka lililonse, ine ndilipo kapena palibe.

Loweruka, 18 Meyi

Tagula chimanga. Alamu anga a ku Mponela anatifufuzira kwa alimi awiri a m'mudzi mwawo, ndipo tinagwirizana K33,000 pa thumba la 50 kg. Ndinakana kupanikiza alimiwo kuti atsitse kwambiri. Feteleza anamugula pa mtengo wowawa, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa amene akugulitsa lero adzakhala akugulanso chimanga chomwechi mu Januwale. Tatenga matumba 8. Kuphatikizapo matumba osungira ndi mayendedwe, zonse zakwana K306,000. Tinali ndi K146,000 ya Malichi ndi Epulo, ndipo K160,000 ndabwereka ku banki mkhonde yathu ya amayi a kumpingo, kuti ndidzabweze K176,000 pakutha pa Juni. Ngongole sindiikonda, koma iyi ndaiwerengera. Chiwongoladzanja cha K16,000 ndi chochepa poyerekeza ndi momwe thumba lidzakwerere.

Tinapita ndi sikelo yathu yopachika. Thumba lililonse bambo analikweza pa nthambi ya mango, ine ndikupisa dzanja mpaka pansi kuona ngati mulibe zinyalala kapena chowola. Apongozi analuma njere zingapo n'kunena kuti matumba awiri sanaumitsitse. Chouma bwino chimathetheka pa dzino, chachinyezi chimangophwanyika mwakachetechete. Ndinayesanso njira ya mchere: njere zodzaza dzanja ndi mchere wouma m'botolo louma, kukhutchumula, n'kudikira. M'matumba awiri aja mchere unakakamira m'mbali mwa botolo. Amenewo tawayanika pa lona pabwalo ndipo akhalapo masiku atatu. Chinyezi ndicho chimabweretsa chuku, ndipo poizoni wa chuku satha ndi kuphika.

Tikusungira m'matumba a PICS, aja ali ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Anachokera ku kafukufuku wa Purdue University ku America. Umafinya mpweya wonse, umamanga pulasitiki yoyamba payokha, yachiwiri payokha, kenaka saka. Anankafumbwe akatha mpweya wotsalawo amafa okha popanda mankhwala. Mdani wake ndi khoswe ndi msomali, ndiye tawasanja pa mapulanga, kutali ndi khoma, m'chipinda cha mng'ono wanga, amene wavomera kuti malo ake achepe. Usiku uno ndalowamo kawiri kungowayang'ana matumbawo. Mtima wanga wakhala pansi kuposa tsiku lina lililonse chiyambire kope lino.

Lamlungu, 2 Juni

Meyi watha pa K438,000, osawerengera chimanga.

Sabata ino ndinachita chinthu chimene ndakhala ndikufuna kudziwa kwa zaka. Ndinapima chimanga 20 kg n'kupita nacho kokonola, tinaviika mphale masiku atatu, tinatsukuluza, tinayanika, tinagayitsa. Ufa woyera umene unabwera unali 13 kg. Zina zonse zinapita ku madeya ndi m'madzi oviikira, ndipo tinalipira kuchigayo kawiri. 20 kg ina ndinagayitsa mgaiwa, ndipo inabwera pafupifupi yonse. Ndiye pa matumba atatu alionse a ufa woyera, limodzi timalisiya kuchigayo, pamodzi ndi mtima wa njere umene uli ndi mafuta ndi chakudya chenicheni.

Bambo anakulira ufa woyera ndipo mgaiwa amati ndi wa kusukulu yogonera konko. Sindinawakakamize. Ndinasefa mgaiwa ndi sefa yosalala n'kusakaniza theka ndi theka ndi woyera. Anadya osanena kanthu, ndipo atasamba m'manja anati, "Imeneyi ndiye ikukhala m'mimba." Tapangana kuti pakati pa sabata tizidya yosakaniza, Lamlungu ndi pakabwera alendo yoyera. Madeya amene timatsala nawo tikusinthanitsa ndi mazira kwa mayi wina woweta nkhuku kuseri kwathu.

Kadzutsa nayenso wasintha. Tinkagula buledi awiri tsiku lililonse. Tsopano buledi ndi wa Loweruka ndi Lamlungu. Masiku ena ndi phala longa Likuni Phala lija: makapu 4 a chimanga pa kapu imodzi ya soya wokazinga, kugayitsa pamodzi, n'kuthira nsinjiro pophika. Soya ayenera kukazingidwa mpaka fungo la uwisi lithe, apo ayi ana sadya. Masiku ena ndi mbatata yofiira m'kati, imene ili ndi vitamini A, kapena futali, kapena chigumu chimene mtsikana amaphika madzulo pa mbaula, makala pansi ndi pamwamba.

Pa mbatata panabuka nkhani. Lachitatu ndinapeza kontena ya mnyamata wanga m'chikwama mbatata ili momwemo. Nditamufunsa anagwetsa nkhope n'kuti, "Amami, anzanga amandiseka." Ndinakhala naye pansi. Mwana wa zaka 8 sangasenze nzeru za bajeti ya makolo ake pamaso pa anzake, ndipo sindifuna kuti aziona chakudya chabwino ngati chilango. Tagwirizana kuti mbatata azidyera kunyumba m'mawa, ndipo kusukulu azitenga chigumu chodula bwinobwino, mbuliwuli kapena zitumbuwa. Lachisanu anabwera n'kunena kuti mnzake wapempha kuti mawa atenge ziwiri.

Loweruka, 22 Juni

Kukuzizira ndipo mwera wavuta kunyanja, choncho usipa wachepa n'kukwera mtengo. Mayi amene ndimawagula anandilangiza kuti ndizidikira masiku a mdima, chifukwa asodzi amakopa usipa ndi nyali usiku, ndipo mwezi ukawala kwambiri nsomba sizisonkhana. Ndikaupeza wabwino wa ku Salima ndizigula chigoba cha malita 5 n'kuuyanikanso pang'ono ndisanasunge. Pakadali pano tikudalira nyemba, mazira, soya pieces ndi matemba. Nyama ya ng'ombe ndi kamodzi pa sabata, nkhuku kawiri pamwezi, ndipo nkhuku imodzi ikutipatsa zakudya ziwiri: minofu Lamlungu, msana, khosi, mapiko ndi zipalapaso mu msuzi wa Lolemba.

Nyemba zinkatidyera makala. Tsopano timaziviika usiku wonse, m'mawa timaziwiritsa theka la ola, kenaka mphikawo timaukulunga m'bulangeti lakale n'kuuika m'dengu lovundikira. Pofika masana zimakhala zitapsa zokha, kungotsala kukazingira. Thumba la makala limene linkatha masabata awiri ndi theka tsopano likupitirira atatu. Tsiku lina ndinaphika mphika waukulu wa nyemba za nanyati woti udye masiku atatu, magetsi n'kuzima tsiku lonse, ndipo theka linasasa m'firiji. Kuyambira pamenepo sitiphika zopitirira masiku awiri.

Nkhomaliro ya kuntchito kwa ine sinavute. Madzulo popakula, kontena yanga ndi ya bambo zimayamba kudzazidwa anthu asanadye, chifukwa ukadikira zotsala sipatsala kanthu. Nsima siyenda bwino m'kontena, ndiye timatenga mpunga, mbatatesi kapena chinangwa. Kwa bambo ndiye kwavuta. Kuntchito kwawo amuna onse amapita limodzi kukadya nsima kumsika, ndipo nkhani zambiri za ntchito zimakambidwa komweko. Masabata awiri oyamba kontena inkabwerera yosatsegula. Anandiuza mosabisa kuti, "Mayi, ndikatsala ndekha mu ofesi ndimakhala ngati ndadzipatula." Ndawamvetsa, poti nanenso ndinaziona pa khofi. Tapangana kuti Lachiwiri ndi Lachisanu azipita ndi anzawo, masiku atatu enawo azitenga ya kunyumba. K56,000 yawo ya nkhomaliro pamwezi yatsika kufika cha m'ma K24,000, ndipo mtendere ulipo.

Loweruka, 6 Julayi

Juni watha pa K409,000, ndipo ngongole ya banki mkhonde ndabweza yonse. Lero dziko lakwanitsa zaka 60 lili pa ufulu wodzilamulira, ndipo tinatuluka tonse 6 kukadya kunja, koyamba chiyambire Epulo. Ndalama yake, K60,000, tinaipatula kale kumayambiriro kwa mwezi n'kuiika mu envelopu. Wachisamba anasankha chambo, poti anamaliza mayeso ake a Sitandade 8 ndipo anali asanalandire chikondwerero chilichonse. Ndinamuyang'ana akuchotsa minga mosamala, akudya mpaka mutu, ndipo ndinakumbukira Malachisanu aja pamene zakudya zogula zinkadyedwa maso ali pa TV, mawa lake palibe wokumbukira. Tagwirizana kuti kudya kunja kukhalepo kamodzi pamwezi, kodziwika tsiku lake ndi ndalama yake.

Lamlungu, 4 Ogasiti

Julayi watha pa K415,000. Kunena chilungamo, manambala a kuyambira Juni akuoneka okongola chifukwa ufa sukulowamo. Ndikagawa ndalama ya chimanga ija pa miyezi imene tidye, ndiyenera kuwonjezera pafupifupi K40,000 mwezi uliwonse. Ndiye K400,000 sitinaifike kwenikweni, ndipo mitengo ya mafuta, sopo ndi mazira ikukwerabe pansi pa mapazi athu. Zimene timagula lero zikanakhala pa mitengo ya Febuluwale bwenzi titadutsa kale.

Sabata yatha tinapita ku Balaka ndi thumba limodzi la chimanga. Tinakambirana usiku wonse tisanaganize zimenezi, chifukwa zikutanthauza kuti chathu chidzatha mwezi umodzi msanga, nthawi imene chidzakhale chodula kwambiri. Koma azakhali akulera zidzukulu zitatu ndipo nkhokwe yawo ilibe kanthu mu Julayi. Titafika ndinaona mphika wa phala lamadzimadzi pamoto nthawi ya nkhomaliro. Anagwira thumbalo ndi manja awiri n'kuti, "Mwana wanga, wandikumbuka." Zikanakhala chaka chatha, ndikanangotumiza K10,000 pa foni n'kupepesa kuti zinthu zavuta. Thumba limeneli latuluka m'makapu a khofi ndi m'timachubu ta mafuta tija.

Pobwerera tinaima pa Lizulu. Nyengo ino tomato ndi wambiri ndipo amachita kukuthamangira nawo pa windo. Ulendo uno ndinasankha ndekha, wobiriwira pansi, wofiirira pakati, wakupsa pamwamba. Wakupsayo tamudula mapisi anayi, tawaza mchere pang'ono, ndipo ali padzuwa pa thandala, tamuphimba ndi neti yoteteza ntchentche. Mu Febuluwale, mvula ikadzaononga tomato m'minda, tidzamuviika m'madzi ofunda n'kuthira mu ndiwo. Kuseri kwa bafa mng'ono wanga wabzala mpiru, repu ndi anyezi wamasamba m'matumba 9 akale a simenti, ndipo akuthirira ndi madzi otsukira mpunga ndi masamba.

Lamlungu, 1 Sepitembala

Ogasiti watha pa K446,000. Ana anali pa holide, kunabwera asuweni awo awiri kwa masabata awiri, ndipo ana akakhala pakhomo tsiku lonse mphika supuma. Pepala la pachitseko silinaphonye sabata ngakhale imodzi.

Kuyambira Malichi, poyerekeza ndi Febuluwale, tapatula K766,000. Pa imeneyi K322,000 inalowa ku chimanga ndi ngongole yake, ndipo mu akaunti muli K444,000. Wachisamba wapeza malo ku sekondale yogonera konko. Ndalamayi ikwanira fizi ya teremu yoyamba, yunifolomu, matiresi ndi chidebe, koma nsapato ndi sutikesi zichokera m'malipiro a mwezi uno. Dzulo iye mwini anakhala pansi ndi kope lino n'kulemba zimene akufuna kutenga: mtedza wokazinga, ufa wa phala la soya, shuga 2 kg ndi kabotolo ka tsabola. Pambali pa chilichonse analemba mtengo, ndipo mtedza anaika wa ku Wakawaka.

Matumba a chimanga atsala 4 osatsegula ndi limodzi latheka. Ndatsegula limodzi kuona ngati muli anankafumbwe, ndipo njere zili mbee ngati tsiku lomwe tinamanga. Ku Nsungwi Lachisanu ndinafunsa mtengo wa ndowa, ndipo wakwera kale kuposa wa mu Meyi. Bambo akuti tifunse alamu ngati ku Mponela kukadali mlimi amene angatigulitse matumba awiri tisanalowe Okutobala, kuti tibwezeretse la ku Balaka lija ndi kuonjezera limodzi. Ndiwaimbira mawa m'mawa. Loweruka likubwerali tipita ku Wakawaka kukagula anyezi ndi mtedza wa mwanayu, ndipo pepala la pachitseko liyamba kulembedwa la anthu 5.